Lola Safa

Coxen Hole, Roatán
6 Novembala 2016

Wokondedwa Dilcia,

Landira moni wanga, iwe ndi ana athu Keyla ndi Nahúm. Ine kuno ndili bwino, kungoti ndinatenga chifuwa pa boti tsiku lowoloka lija, koma chikupola. Kaya inu kumeneko.

Kalata iyi akupatsa ndi Doña Ondina, mayi wa tchizi uja, poti amawoloka milungu iwiri iliyonse. Foni ya kugolosale ndaikana dala. Munthu ukamalankhula pamene paja, mudzi wonse umabwera kudzagula mchere. Koma ndi Ondina yemweyo usatayirire. Kalata yako inafika itamatidwa kawiri, ndipo mayiyo anandifunsa za dzino la Nahúm ndisanaitsegule n'komwe. Ndiye nkhani zikuluzikulu usamalembe, tidzakamba pamaso.

Ntchito ndaipeza kwa Mista Elwin, mbadwa ya pachilumba pano, mwini maminibasi atatu. Ine ndimaima kunja kwa geti la padoko ndi chikwangwani cha zithunzi. Sitima ikakocheza imalavula anthu ochuluka kuposa a mudzi wathu kuphatikiza midzi inayi yozungulira, onse m'makabudula, onse akununkhira mafuta a kokonati. Amakhala ndi maola asanu okha, kenako lipenga lilira, wotsala watsala. Paja amati mlendo ndi mame, koma awa ndiye mame enieni. Amene anagula ulendo wawo m'sitima momwemo amakwera mabasi m'kati mwa mpanda, ife sitiwaona. Athu ndi ouma manja ndi olimba mtima, amene amatuluka geti ngakhale m'sitima anawauza kuti kunja kuno timadula anthu makosi. Timawathamangira ngati nkhuku zaona chimanga, aliyense ndi chikwangwani chake, koma zithunzi zofanana: mchenga wa ku West Bay, boti la galasi pansi loonera nsomba, kutsetsereka pachingwe pamwamba pa mitengo, ng'oma za Agarifuna ku Punta Gorda.

Tsopano usaseke. Chithunzi chachikulu kuposa zonse ndi cha perezoso. Eya, kanyama kaulesi komweko kamene kamalendewera m'mitengo ya gwarumo kuseri kwa khitchini yathu, kotha tsiku lonse pa nthambi imodzi, ka nkhope ngati munthu woledzera amene wakhululukira aliyense. M'tchire la kuno mulibe, ndiye Mista Elwin ali nako kamodzi pabwalo pake pamodzi ndi apusi ndi zinkhwe. Dzina lake ndi Lola. Mzungu amalipira kuti akanyamule ngati khanda, ajambulidwe. Ena amachita kugwetsa misozi.

Ndikugona chipinda chimodzi ndi Tulio, wa ku La Ceiba, amene wakhala pa geti zaka zisanu. Iye ndi amene akundiphunzitsa Chingerezi cha malonda. Akuti, "Iwe wakumapiri, usamasekerere kwambiri. Mzungu akaona mano onse amagwira chikwama." Ndi wocheza, koma ndalama zanga ndimagona nazo m'sokosi.

Chimodzi chokha sindikuchimvetsa. Tsiku loyamba Mista Elwin atamva kuti ndine wa ku Olancho, anandikhazika pakhonde pake n'kundipatsa msuzi wa nsomba. Tulio akuti iye zaka zonsezi sanapatsidwepo ngakhale madzi. Kunja kuno kulibe chaulere, ndiye ndikungopenya.

Ndatumiza malempira 1,500. Gula nsapato za Keyla, yotsalayo waya wa mpanda wa nkhuku. Mchimwene wako akabwera ndi nkhani zomvetsa chisoni, umuuze kuti Arnulfo sanatumize kanthu. Kuno zinthu n'zodula moti baleada imodzi, kachapati kathu kaja, ya nyemba zokhazokha yopanda dzira, ndi malempira 25.

Ndine mwamuna wako,
Arnulfo


Coxen Hole
4 Disembala 2016

Dilcia wanga,

Moni nonse. Chifuwa chinatha. Ndakondwa kumva kuti dzino la Nahúm linachoka lokha, ndalama ya kuchipatala yapulumuka.

Malonda ndayamba kuwadziwa. Chinsinsi chake n'chakuti mlendo wa m'sitima saopa wakuba kwambiri ngati mmene amaopera kusiyidwa. Amayenda akuyang'ana wotchi. Ukamuuza za Punta Gorda, amafunsa kutalika kwake, ukanena zoona amapukusa mutu. Boti la galasi limadikira kuti lidzaze. Chingwe ndi cha achinyamata, agogo amachiopa. Koma Lola ali pafupi, ndipo aliyense angathe. Ndiye ndimawauza kuti: perezoso kaye, chithunzi, kenako mchenga ndi mowa wozizira, ndipo mubwerera lipenga lisanalire. Lachitatu lapitali kunakocheza sitima zitatu, ndinadzaza minibasi kanayi ndekha. Mutu uliwonse umene ndapititsa ku mchenga abwana amandipatsa dola imodzi, koma wa kwa Lola madola atatu. Iwe ukanakhala ine ukanaloza chithunzi chiti?

Mayi wina wonenepa anandifunsa, Tulio akumasulira, ngati kanyamako sikatopa. Tulio sanandidikire n'komwe. Anati, "Amayi, Lola tinamutola ali wamasiye, amakonda kukumbatiridwa kuposa kudya." Mayiyo anawonjezera madola asanu a masiyewo. Titatuluka ndinamufunsa Tulio kuti anamutola kuti. Anati, "Iwe dzaza minibasi, mafunso usiyire apolisi."

Mista Elwin anandiitananso pakhonde, ulendo uno ndi botolo la mowa. Anati, "Arnulfo, kwanuko tinyama timeneti mumationa?" Ine kuseka. Ndinati, "Abwana, kwathu zimenezi sitiziwerengera. Kuseri kwa nyumba yanga zilipo ngati mapapaya, ana amazitola zikagwa ndi mphepo." Anafunsa dzina la mudzi, msewu wake, ngati galimoto imafika nthawi yamvula, ngakhale dzina lako. Ndinayankha zonse, mowa unali wokoma. Pobwerera ndinadzifunsa kuti munthu wosadziwa dzina la bambo anga akufuniranji dzina la mkazi wanga. Mwina akufuna kudziwa kokandipeza ndikathawa ndi ndalama zake. Anthu a pachilumba amationa ife akumtunda ngati akuba tonse.

Pali chinanso. Lola amene ndinamupeza anali wamkulu, wa banga lakuda pamsana. Masabata awiri apitawo anasiya kudya, mutu unkangogwa pa phewa la mlendo, alendowo n'kumati akugona mokoma. Lolemba tinapeza Lola ali wamng'ono, wotuwa, wopanda banga. Ndinati, "Tulio, uyu ndi wina." Iye anati, "Dzina lili pachikwangwani ndi liti?" Ndinati Lola. Anati, "Ndiye ndi Lola. Kwa Mista Elwin Lola safa."

Ndatumiza malempira 2,500. Gulani nkhumba yaing'ono ya Khirisimasi, mukulunge matamale okwanira, a ufa wa chimanga ndi nyama m'masamba a nthochi, apongozi muwapatseko. Ine sindibwera, sabata imeneyo ndi imene sitima zimachuluka. Denga likadontha kuchipinda kwa ana, ikapo pulasitiki kaye. Za malata tidzaona chaka chamawa nyengo ikatha. Uziimba bwino kukwaya, ndimakukumbukira Lamlungu lililonse nthawi imeneyo.

Wako,
Arnulfo


Coxen Hole
15 Januwale 2017

Dilcia,

Moni. Ine ndili bwino m'thupi. Ndikhulupirira inunso mwalowa bwino chaka.

Matamale unanditumizira ndinadya, zikomo, ngakhale anafika asanu pamene iwe unalemba kuti asanu ndi atatu. Ondina akuti ena anaphwanyika pa boti. Anaphwanyikira m'mimba mwake.

Koma mayi yemweyo wandiuza nkhani imene yandisowetsa tulo. Anandipeza pa geti, anthu ali pomwepo, n'kunena mokweza kuti, "Don Arnulfo, mwachita bwino! Nyumba yanu ikuwala kuchokera pamlatho. Malata atsopano, mpaka khitchini yomwe!" Ine ndinaseka ngati ndikudziwa. Ndikanatani?

Dilcia, ndalama zonse zimene ndatumiza, ngakhale mukanapanda kudya, sizingafolere nyumba ija theka. M'kalata yako unandiuza za nkhuku yomwe inagwidwa ndi galu, za nyimbo zatsopano zakukwaya, za nsapato za Keyla zothina. Za denga sunalembe ngakhale liwu limodzi. Munthu angaiwale kutchula denga?

Ondina ananenanso, akuyang'ana kumbali, kuti pikapu yoyera imabwera kumudzi masiku ano, imaima pakhomo pathu. Akuti mwini wake ndi bambo wa chipewa ndi dzino lagolide, wosachokera kwathu. Sindinamufunse zambiri, ndinaona kuti akudikira kuti ndifunse.

Sindikunena kanthu. Mwina ndi ngongole ya kumpingo, mwina bambo ako agulitsa ng'ombe. Ngati ndi choncho ungondiuza, ndisamamve za nyumba yanga kwa mayi wogulitsa tchizi.

Kuntchito zinthu zili momwemo. Mista Elwin wandikweza, tsopano ndimakwera nawo minibasi, ndipo pabwalo ndine amene ndimachotsa Lola pa nthambi n'kumuika m'manja mwa alendo. Akuti ndimadziwa kagwiridwe kake. Tsiku la sitima zitatu amadutsa m'manja mwa anthu oposa zana, aliyense ndi mafuta ake apakhungu. Madzulo ubweya wake umakhala wonata. Tulio wakwiya ndi kukwezedwa kwangaku. Akuti, "Miyezi iwiri yokha? Wawapatsa chiyani abwana?" Nanenso funso limenelo ndili nalo.

Ndatumiza 2,000. Ulembe mmene wagwiritsira ntchito.

Arnulfo


Coxen Hole
12 Febuluwale 2017

Mayi a Keyla,

Moni. Ndili moyo.

Kalata yanu ndalandira, ndaiwerenga mpaka pepala lafewa. Mwalemba kuti, "Za malata mukudziwa nokha kumene zikuchokera, musandifunse papepala." Ndikudziwa ine? Ndadziwa liti? Kapena mukutanthauza kuti mwamuna wosiya mkazi kumudzi ayenera kudziwa yekha zimene zimachitika, asafunse? Mwawonjezeranso kuti, "Mlendo uja ndimamulandira bwino monga kuyenera." Dilcia, mawu amenewa mwalemba ndi dzanja lanu, kwa ine, opanda manyazi?

Ondina akuti pikapu inabwera kawiri mwezi watha. Akuti inu ndi bamboyo mumapita kuseri kwa nyumba, kumitengo, ana ali kusukulu, ndipo mumakhalitsa. Akuti muli ndi mbaula ya gasi tsopano. Ndikudziwa kuti mayi ameneyu pakamwa pake m'posatseka, koma utsi sufuka popanda moto, ndipo malata sagwa ndi mvula.

Ndinalakwitsa kumuuza Tulio. Tsopano pa geti pakadutsa galimoto yoyera iliyonse amakuwa kuti, "Arnulfo, mlamu wako uyo!" Anthu onse a zikwangwani amafa ndi phwete. Lachisanu ndinamugwira pakhosi alendo akuona, banja la anthu asanu ndi mmodzi limene linali litavomera kale boti la galasi linathawira m'kati mwa geti. Mista Elwin anandidula ya tsiku lonse. Koma atamva chimene tinayambanirana, sanakalipe. Anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Nkhani za kunyumba uzisiye kunyumba." Munthu wolongolola ngati ameneyu kuchepa mawu chonchi, sindinazionepo.

Lola wachiwiri uja anafa Lachiwiri. Ndinamukwirira ine kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo pokumba ndinapeza kuti sindine woyamba kukumba pamenepo. Lachinayi sitima isanafike panali kale wina pa nthambi, khanda lenileni, lolira ngati kamwana ka mphaka. Amabwera nazo ndani, kuchokera kuti, palibe amene amanena. Chilumba chino aliyense ali ndi chake chobisa, koma sindinkadziwa kuti ndi kwathu komwe.

Ndatumiza 1,000, ya ana. Poti inu muli ndi kwina kopezera.

Mundiyankhe dzina la munthuyo.

Arnulfo Cálix


Coxen Hole
5 Malichi 2017

Mayi a Keyla,

Moni kwa ana.

Mwayankha mizere itatu. Mukuti dzina lake ndi Fermín ndipo ndisadzipusitse ngati sindikumudziwa. Mukuti mwatopa ndi masewera anga. Chabwino.

Ine sindinkafuna kuti zifike apa. Ndakhala masabata atatu ndikuyenda ngati wodwala, ndikulozera alendo mchenga ndi maso pomwe mtima uli pakhomo panga. Ndine munthu wosekedwa pa geti la eni ake, ndimadya kamodzi patsiku kuti inu mudye katatu. Zikundiwawa, Dilcia, ndipo sindibisa.

Ndalembera abusa. Kalatayo ikubwera ndi Ondina yemweyu, ndipo ndamuuza kuti akaipereke m'manja mwawo. Ndalembamo zonse: denga, mbaula, pikapu, kumitengo kuseri, ndi mawu anu omwe akuti mlendo mumamulandira bwino. Ndawapempha kuti mpingo uchite zimene umachita. Munthu sangamaime kutsogolo ndi yunifolomu ya kwaya Lamlungu pamene Lachitatu akuchita zina. Ngati ndinu wosalakwa, mukanene pamaso pa akulu ampingo kumene ndalama zikuchokera, poti ine mwandikaniza.

Ndalama ya ana ndatumiza kwa bambo anu.

Arnulfo Cálix


Coxen Hole
26 Malichi 2017

Dilcia, mkazi wanga,

Sindikudziwa poyambira. Moni ndikupatsa, ngati ungaulandire.

Lachinayi m'mawa dalaivala wa Mista Elwin anadwala, ndiye anandituma ine kudoko la katundu ku French Harbour kuti ndikalandire makatoni a nthochi. Ndikuganiza kuti abwanawo anaiwala amene amabwera ndi makatoniwo, kapena anaona ngati zilibe kanthu. Boti litafika kunatsika bambo wa chipewa, atanyamula katoni yoboola mabowo. Atatsegula pakamwa kundipatsa moni ndinaona dzino lagolide.

Ndinati, "Ndinu Fermín?"

Anati, "Ndine. Nanga iwe?"

Nditatchula dzina langa anaika katoni pansi n'kundikumbatira. Ine manja ali m'thumba, chibakera chili chokonzeka. Anati, "Ndiwe Arnulfo! Amwene, uli ndi mkazi. Doña Dilcia pa mtengo sagonja, ndinayamba ndi 800 kamodzi, anandifikitsa pa 1,500. Ndipo khofi amandipatsira panja, m'nyumba sanandilowetsepo, akuti mwini wake kulibe."

Ndinati, "Mtengo wa chiyani?"

Anandiyang'ana ngati ndapenga, n'kutsegula katoni. Pansi pa nthochi munali tiana tiwiri ta perezoso, titakumbatirana, ndi masamba a gwarumo ofota.

Dilcia, ndinakhala pansi pa simenti pomwepo. Fermín anafotokoza zonse akusuta fodya, ngati nkhani ya nyengo. Akuti Mista Elwin anamupatsa dzina la mudzi, msewu ndi dzina lako mu Disembala, n'kumuuza kuti akafika anene kuti watumidwa ndi Arnulfo. Anenenso kuti Arnulfo wati nkhaniyi isalembedwe m'kalata, chifukwa asilikali a zankhalango akamva munthu amamangidwa. Ndipo iwe unakhulupirira, ungalekerenji, poti ine ndemwe ndinakuuza kuti zikuluzikulu usamalembe. Unkamuperekeza kumitengo kukamulozera pamene zili, anyamata ake n'kugwetsa mtengo, n'kutenga ana a perezoso. Ndinamufunsa za amayi ake a tinyamato. Anati zazikulu zimakanda alendo, sizigulika.

Anati, "Koma mwezi uno Doña Dilcia sanandilandire. Anandiponyera madzi a nyemba pa geti. Izi ndatola ndekha kumtsinje. Mwayambana?"

Ndinabwera nayo katoni kwa Mista Elwin, chifukwa sindinadziwe kwina kopita nayo. Ndinamupeza akuwerenga ndandanda wa sitima. Ndinati, "Abwana, munatumiza munthu kunyumba kwanga m'dzina langa?"

Anati, "Unanena wekha kuti kwanu zili ngati mapapaya."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuza ukanafuna gawo lako. Mkazi wako walandira, iwe ukulandira pa mutu uliwonse, nyumba yafoleredwa. Walira ndani?"

Ndinati, "Munamva ndikumenyana ndi Tulio. Munadziwa chimene ndinkaganiza."

Anati, "Ine ndimagulitsa maulendo, Arnulfo, sindine ankhoswe. Kasambe, sitima ikocheza posachedwa."

Ndipo ndinakasamba. Tsiku limenelo ndinanyamula Lola wa kuseri kwa khitchini yathu n'kumuika m'manja mwa anthu mpaka lipenga linalira.

Dzulo Ondina wafika. Ulendo uno sanakuwe, anandikokera pambali. Akuti abusa anawerenga kalata yanga mokweza pamaso pa mpingo wonse, ana athu ali pomwepo. Akuti atakufunsa kumene ndalama zikuchokera unangoti, "Mwamuna wanga akudziwa," chifukwa unkaopa kuti ukanena ndimangidwa ine. Anakuvula yunifolomu, anakuika pa chilango, benchi yakumbuyo miyezi isanu ndi umodzi. Akuti unakhala pa benchiyo mpaka mapemphero kutha, mutu uli chilili, osalira.

Unkanditeteza ine, Dilcia, pamene ine ndinali kukuvula pagulu. Ndinakayikira Ondina, Tulio, sokosi zanga zomwe, koma pakamwa panga sindinapakayikire. Ndalakwa. Ndilibe mawu ena aakulu kuposa amenewa.

Ndalembera abusa kalata ina, ili ndi Ondina. Mitengo yotsalayo asaigwirenso munthu. Nyengo ya sitima ikutha kumapeto kwa Epulo, ndibwera. Undiyankhe, ngakhale kunditukwana.

Mwamuna wako, ngati ukundiwerengerabe,
Arnulfo


Coxen Hole
23 Epulo 2017

Kwa apongozi anga, Don Saturnino,

Bambo, landirani moni waulemu, inu ndi mayi. Ndikhulupirira mwendo wanu uja ukupezako bwino. Ine za thanzi langa sizoyenera kukutayitsani nthawi.

Ndikulembera inu chifukwa makalata awiri amene ndinatumizira Dilcia abwerera osatsegulidwa. Ulendo uno ngakhale Doña Ondina sanawatsegule, ndayang'ana.

Ndamva kuti ana ali kwa inu, ndipo Dilcia anakwera basi Lolemba la pambuyo pa Pasaka kupita ku San Pedro Sula kukasoka zovala m'fakitale. Ndamva kuti nyumba anaitseka, kiyi anasiya kwa inu, ndipo sanatengemo kanthu kogulidwa ndi ndalama zija, ngakhale mbaula. Ndamvanso kuti kalata yanga yachiwiri abusa anaiwerengera m'kachipinda ndi akulu atatu okha, n'kugwirizana kuti chilango chachotsedwa mwakachetechete, poti nkhani ya tinyama ikhoza kubweretsa asilikali pamudzi. Ndiye kugolosale anthu akudziwabe kalata yoyamba yokha. Akuti Keyla anasiya kupita ku Sande sukulu.

Bambo, munandipatsa mwana wanu ndili ndi malaya awiri. Simunandifunse zambiri. Ine ndamuchita chipongwe chimene mdani sakanamuchita, ndipo chonse chimene analakwa ndi kumvera uthenga umene ankati ndi wanga.

Ndinanena kuti ndibwera kumapeto kwa mwezi uno, koma sindikudziwa ngati kubwera kwanga kungakuthandizeni kapena kukuwonjezerani manyazi. Inu mundiuze. Ntchito ndidakali nayo, sindikunamizani, ana adye chiyani? Pa geti tsopano ndimayamba kuloza boti la galasi ndi ng'oma za ku Punta Gorda, ndipo alendo amamvetsera mwaulemu, kenako amaloza okha chithunzi chija. Ena amabwera nacho kale pafoni. Ndimawatenga. Dzana Mista Elwin anandifunsa ngati ndikudziwa mudzi wina kumtunda kwa mtsinje, poti kwathu aperezoso ayamba kusowa. Ndinamuuza kuti ine kwathu sindikudziwako aliyense.

Ndatumiza malempira 3,000. Ya sukulu ya ana, mankhwala a mwendo wanu, ndipo Nahúm mumugulire nsapato za jombo mvula isanayambe. Nkhuku zathu mutenge, zisafe ndi njala pakhomo lopanda munthu.

Adiresi ya Dilcia sindikupemphani. Akafuna adzandipatsa yekha. Pempho langa ndi limodzi. Lamlungu likubwerali, anthu akatuluka m'tchalitchi asanabalalike, muime pabwalo muwerenge mawu awa mokweza. Maso anu akavuta, Keyla awerenge, amawerenga bwino.

Ine Arnulfo Cálix ndinanama. Dilcia Munguía sanagonepo ndi mwamuna wina. Munthu wa pikapu ankagula aperezoso a m'mitengo yanga, ndipo njira ya kunyumba kwanga inachokera pakamwa panga. Mkazi wanga anakhala chete kuti ine ndisamangidwe. Asilikali akafuna munthu, ndili pa geti la padoko ku Coxen Hole tsiku lililonse la sitima.

Abusa akakuletsani, muwauze kuti kalata yoyamba sanandifunse kawiri asanaiwerenge. Ndikudziwa kuti Dilcia sadzakhalapo kuti amve. Muwerenge basi, bambo. Ana adzakhalapo.

Ndine mkamwini wanu,
Arnulfo